Dzina loti Nqumayo, ena amati Nkumayo: linachokera kuti, nanga eni ake ali kuti?

Mbewe_LL
Akuluakulu, pali dzina limodzi limene timangolidumpha tikamakambirana za ziwongo za Angoni, dzina loti Nqumayo. Ambiri kuno timalidziwa chifukwa cha munthu mmodzi basi, Albert Muwalo Nqumayo wa ku Ntcheu, uja anali mlembi wamkulu wa MCP, anamangidwa mu 1976 n'kunyongedwa chaka chotsatira. Za ndale zake tisazilowe lero. Chimene tikufuna n'chakuti dzinali linachokera kuti, likutanthauza chiyani, ndipo zimatheka bwanji kuti a Jere, a Maseko ndi a Ngozo ali ponseponse pomwe munthu ungazungulire msika wonse wa Lizulu osamva Nqumayo ndi mmodzi yemwe akuitanidwa. Odziwa tithandizeni.

Bambo Soko
A Mbewe, Nqumayo ndi Nxumalo. Dzina ndi lomwelo, langopotoka pakamwa ndi papepala chifukwa cha kutalika kwa ulendo. Nxumalo ndi nyumba ya mtundu wa Andwandwe, amene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 ankalamulira dera la pakati pa mitsinje ya Pongola ndi Black Mfolozi, chakumene kuli Nongoma lero, kumpoto kwa KwaZulu-Natal. Mfumu yawo yotchuka inali Zwide mwana wa Langa, amene anapha Dingiswayo wa Amthethwa kenako n'kuyamba kulimbana ndi Shaka. Ankhondo a Zwide atagonja pa mtsinje wa Mhlathuze cha m'ma 1819, ufumu uja unasweka. Akuluakulu ankhondo awiri ananyamuka ndi anthu awo kulowera kumpoto: Soshangane, amene iye mwini anali Nxumalo, ndi Zwangendaba wa chiwongo cha Jele, chimene kuno timati Jere. Otsala anagonjanso mu 1826 ali m'manja mwa Sikhunyana mwana wa Zwide, ndipo apo ndiye anabalalikiratu.

Chofunika kuchigwira n'chakuti Zwangendaba sanali wa nyumba yachifumu ya Andwandwe, anali nduna pansi pa Zwide. Ndiye a Nqumayo amene anawoloka naye Zambezi mu November 1835, tsiku lija la kadamsana, anali a mtundu wa mbuye wake wakale. Sanali ambiri, koma sanali anthu wamba.

Kamwendo
Pepani kulowerera, koma si Khumalo ameneyo? Khumalo, Nxumalo, Nkumayo, ine m'makutu mwanga n'chimodzimodzi.

NaNgozo
Ayi achimwene, pamenepo ndi pamene ambiri amagwera. Khumalo ndi chiwongo china, cha Mzilikazi mwana wa Mashobane, uja adakakhazikitsa ufumu wa Andebele ku Zimbabwe, chakumene kuli Bulawayo lero. Chibale chimene chilipo n'chaukwati: mbiri ya Andebele imati mayi ake a Mzilikazi, Nompethu, adali mwana wa Zwide. Ndiye Mzilikazi kwa a Nxumalo ndi mdzukulu wobadwa kwa mwana wamkazi, osati mwini chiwongo. Kwa Anguni, ndiye kuti Azulu, Aswazi, Axhosa, Andebele ndi Angoni, chiwongo chimayenda ndi bambo.

Kusiyana kwake kumamveka pakamwa. "Kh" wa mu Khumalo ndi yemweyo tili naye mu "khasu". "Nx" ndi mawu oliza lilime, amene m'Chichewa mulibe. M'Chizulu alipo atatu. Wolembedwa c amatuluka nsonga ya lilime ikachoka pa mano akutsogolo, monga timachitira potsonya. Wolembedwa q amatuluka lilime likamatirira kumtunda kwa m'kamwa n'kuchoka mwamphamvu, ngati chivindikiro cha botolo chikuphulika. Wolembedwa x amatulukira m'mbali mwa lilime, monga alizira anyamata a ngolo pofulumizitsa ng'ombe. Mukaika n patsogolo ndiye kuti mpweya ukutulukira m'mphuno nthawi yomweyo.

Angoni ali paulendo, atatuwa adayamba kusakanikirana, chifukwa ambiri mwa amayi olera ana adali a mitundu imene adaipeza m'njira, Atonga a kumwera kwa Mozambique, Akalanga, Ansenga, Achewa, Atumbuka. Mwana amaphunzira chilankhulo pamsana pa mayi ake. Choncho x adatsetserekera kwa q, ndipo lilime litasiyiratu kulira kudatsala k. Nxu, Nqu, Nku.

Kamwendo
Zamveka mayi. Nanga "lo" wakumapetoyo anasanduka bwanji "yo"? Chichewa chili ndi l, sitikanalephera kunena Nkumalo.

NaNgozo
Funso labwino, ndipo yankho lake ndi limene limatsimikiza kuti dzinali ndi lakale ndithu. Y ameneyo sadabadwire kuno, adachokera naye komweko. Mitundu ingapo ya kugombe la KwaZulu, Andwandwe, Amthethwa ndi Aqwabe, inali ndi kalankhulidwe koika y pamene Azulu amaika l. Azulu amakatchula kuti ukuthefula kapena ukuyeyeza. Ndiye amene Mzulu ankamutchula kuti Nxumalo, mwini wake ankadzitchula Nxumayo. Malembedwe a Chizulu atakhazikitsidwa ndi amishoni, l ndiye adapambana ku South Africa, ndipo a Nxumalo a kumeneko lero amalemba ndi l. Amene adachoka zisanachitike zimenezi adasunga y. Mudzamupeza y yemweyo ku Gaza ku Mozambique, kwa zidzukulu za anthu a Soshangane. Kunena mosapsatira, Nqumayo wa ku Mzimba wasunga mchira wa dzina monga ankalitchulira Zwide mwini wake, pomwe Nxumalo wa ku Durban wasunga mutu wake.

Malume Gama
Mayi NaNgozo, ndikuvomera, koma pali potsutsa pamene munthu wochenjera angakufunseni. Ngati Angoni a Zwangendaba ankayeyeza, bwanji ku Mzimba kuli mudzi wa Elangeni osati Eyangeni? Bwanji kuli Engalaweni? Bwanji Jele sanakhale Jeye?

Yankho ndi lakuti gulu la Zwangendaba silinali la mtundu umodzi ngakhale ponyamuka pomwe. Munali a ku dera la Aswazi, munali ena a m'mitundu ing'onoing'ono imene Zwide anaigonjetsa, ndipo aliyense anabwera ndi lilime lake. Chiwongo chimauma monga eni ake amachitchulira, sichitsatira kalankhulidwe ka mudzi wonse. Jele kusanduka Jere ndi nkhani ina, ndi l ndi r amene kuno timawasinthanitsa tsiku ndi tsiku, monga Malawi ndi Maravi, kapena "kulira" amene wina amalemba "kulila". Musaphatikize masinthidwe awiriwa. Wina ndi wa ku Nongoma, wina ndi wa kuno.

Tembo wa ku Chipata
Kuno kwa Mpezeni dzinali lili pamtima penipeni pa mbiri yachifumu. Mbiri ya pakamwa imene akuluakulu amakamba, ndipo J. A. Barnes anailemba pamene ankafufuza pakati pa Angoni a ku Fort Jameson (Chipata lero) m'zaka za m'ma 1940, imati mkazi wamkulu wa Zwangendaba anali wa kwa Nqumayo, ndipo popeza nyumbayo inalibe mwana wamwamuna, munalowetsedwa m'bale wake Soseya kuti aiberekere. Soseya ndiye mayi wa Ntuto, amene tikumudziwa kuti Mpezeni woyamba. Ndi mwambo wa Anguni umenewo: mkazi wamkulu akapanda kubereka mwana wamwamuna, kwawo amatumiza mng'ono wake kapena mwana wa mlongo wake, ndipo mwana wobadwayo amawerengedwa wa nyumba yaikuluyo.

Pamenepa ndi pamene pagona mkangano wakale wa ukulu pakati pa nyumba ya Mpezeni ndi ya M'mbelwa, amene mayi wake anali Munene. A kuno amati magazi a Zwide ali mwa Mpezeni. A ku Mzimba ali ndi mbali yawo ya nkhaniyo. Sindikufuna tiutse mapiri pachigwa, ndikungosonyeza kuti a Nqumayo kwa Angoni a Jere anali "opereka akazi aakulu", malume a mafumu. Ndi udindo womwewo ali nawo ku eSwatini: Thandile, mwana wa Zwide, anakwatiwa ndi Sobhuza woyamba n'kubereka Mswati wachiwiri, ndipo mayi wa Sobhuza wachiwiri, Lomawa, analinso Ndwandwe.

Taonani tsono chimene chimachitika ndi chiwongo cholowa m'mudzi kudzera mwa akazi. Ulemu chimapeza, koma sichichuluka, chifukwa ana onse a Soseya ndi a Jere.

Mbewe_LL
Apo a Tembo mwayankha theka la funso la kuchepa kwa dzinali. Nanga tanthauzo? Pali amene amati likuchokera ku "nkhuma" kapena "kukuma", ena mpaka "nkhu mayo", ati mfuu ya munthu wolira.

Bambo Soko
Zimenezo n'zongopeka pa bawo, a Mbewe. Dzina lililonse lachilendo likafika pakamwa pa Mchewa limapatsidwa nthano yoti ligwirizane ndi mawu athu. Poti taona kuti k uja ndi chipsera cha x, ndipo y uja ndi l, tanthauzo lililonse lomangidwa pa "nku" kapena pa "mayo" lagwa kale.

Ziwongo za Anguni n'zosiyana ndi za Achewa kapena Ashona. Phiri ndi phiri, Soko kwa Ashona ndi nyani, Shumba ndi mkango, Tembo ndi mbidzi, Ngwena ndi ng'ona. Zambiri za Anguni ndi mayina a makolo aamuna amene nyumba inayambira: Zulu, Qwabe, Dlamini. Nxumalo ali m'gulu lomweli, kunena kuti "a kwa Nxumalo" ndi kunena kuti ana a nyumba ya kholo limenelo mkati mwa Andwandwe. Mwini dzina ukamufunsa tanthauzo sakumasulira mawu, amakulakatulira zithokozo, zimene Azulu amati izithakazelo. Za a Nxumalo zimatchula Ndwandwe, Zwide kaLanga, Mkhatshwa, Sothondose.

Muli timfundo tiwiri tomasulika bwino. "Ka" wa mu Zwide kaLanga ndi "mwana wa", ndipo ilanga ndi dzuwa. Mkhatshwa likuchokera ku ukukhaba, kumenya ndi phazi, ndiye Mkhatshwa ndi "womenyedwa mateche", ndipo chithokozocho chimapitiriza kuti anamenyedwa ndi mapazi aatali ndi aafupi omwe. Banja limene agogo ake akumbukira liwu lofanana ndi Mkhatshwa, ngakhale litapotoka kukhala Mkachwa kapena Mukachwa, lili ndi umboni wolemera kuposa pepala lililonse, chifukwa liwu limenelo munthu sangalitole pamsewu.

Mayi NaPhiri
Ndiwonjezere pa Sothondose, popeza watchulidwa. Ameneyu anali mwana wa Malusi, mkulu wa nyumba ya Nxumalo. Mbiri ya Azulu imati Malusi anakwatira mlongo wake wa Dingiswayo, ndipo Zwide atamupha Malusi ndi pamene udani wa Zwide ndi Dingiswayo unafika posabwezeka. Ndiye onani, m'zithokozo zomwezo muli wopha ndi mwana wa wophedwa. Izi zikutiuza kuti si Nqumayo aliyense amene ali mdzukulu wa Zwide. Soshangane nayenso anali wa nyumba ina, mwana wa Zikode mwana wa Gasa, ndipo dzina la ufumu wa Gaza linachokera kwa agogo akewo. Masiku ano aliyense wopeza kuti ndi Nxumalo amathamangira kulemba pa Facebook kuti ndi kalonga wa kwa Zwide. Mtunduwo unali waukulu, unali ndi nyumba zambiri, osula, oweta, asing'anga, osati mafumu okhaokha.

Malume Gama
Za kufala kwake tiyeni tiyende dziko ndi dziko, chifukwa dzinali ndi losowa kuno kokha.

Ku South Africa Nxumalo ndi dzina lodziwika kwambiri, makamaka kumpoto kwa KwaZulu-Natal ndi ku Gauteng kumene anthu anapita kukagwira ntchito. Henry Nxumalo, mtolankhani wa magazini ya Drum amene anaphedwa mu 1957, ndi mmodzi mwa otchuka. Ku eSwatini alikonso ochuluka, pamodzi ndi olemba Ndwandwe ndi Mkhatshwa. Ku Zimbabwe ali pakati pa Andebele.

Nthambi ya Gaza ili ndi mbiri yakeyake. Soshangane anamwalira mu 1858, ana ake Mawewe ndi Mzila n'kumenyanirana ufumu, Mzila n'kupambana. Mwana wa Mzila, Ngungunyane, analowa mu 1884, anagwidwa ndi Apwitikizi pa Chaimite pa 28 December 1895, n'kutengedwa kupita ku zilumba za Azores kumene anafera mu 1906. Ufumu utagwa, gulu la abale ake motsogozedwa ndi Mpisane linawolokera ku Transvaal ku South Africa n'kukhazikika ku Bushbuckridge. Tawuni ya Thulamahashe kumeneko inatchedwa dzina la mwana wa Ngungunyane. N'chifukwa chake mumapeza a Nxumalo olankhula Chitsonga, osati Chizulu. Otsala ku Mozambique mayina awo analembedwa ndi akalaliki a Chipwitikizi, amene "ayo" amalemba "aio" ndipo mawu oliza lilime ankangowataya kapena kuika c, ndiye mumakumana ndi malembedwe onga Numaio ndi Cumaio.

Kuno kwathu ndi ku Zambia yang'anani kumene kuli Angoni: Mzimba, Ntcheu, Dedza, Mchinji, Dowa, ndi Chipata ndi Lundazi kutsidyako.

Kamwendo
Kodi boma lilibe chiwerengero? Kalembera uja wa 2018 sanawerenge mayina?

Mayi NaPhiri
Kalembera amafalitsa mitundu, osati mayina a mabanja. Wa 2018 anapeza anthu 17,563,749, ndipo Angoni anali pafupifupi 10 pa 100 alionse. Koma mwa odzitcha Angoniwo, ochuluka ziwongo zawo ndi za mitundu imene inalowa m'gululi m'njira kapena kuno komwe: Phiri, Banda, Mbewe, Soko, Moyo, Tembo, Chirwa. A ziwongo zochokera kumwera kwenikweni ndi kagawo kochepa, ndipo Nqumayo ndi kachigawo ka kagawo kameneko.

Masamba a pa intaneti owerenga mayina a mabanja musawakhulupirire pa dzina ngati ili. Amawerenga kalembedwe kamodzi ngati dzina limodzi. Nqumayo, Nkumayo, Nxumayo, Ncumayo, Nqumayu, Nxumalo, kwa kompyuta amenewa ndi mabanja osiyana, aliyense ndi kachiwerengero kake kakang'ono. Palinso cholakwa china chimene chimachitika kaundula wolembedwa pamanja akamalowetsedwa m'kompyuta. Q wamng'ono ndi g wamng'ono amasiyana kokha kumene mchira wakhotera. Kalaliki amene sanaonepo n wotsatana ndi q amangoti wolembayo anafuna kunena g, ndiye Nqumayo amatuluka Ngumayo. Mwana akalembetsa mayeso a Sitandade 8 ndi dzina lolakwikalo, limamutsatira ku JCE, ku MSCE, mpaka pa chiphaso cha unzika, ndipo ana ake amabadwira m'dzina latsopano.

NaNgozo
Chifukwa chachikulu kuposa zonsezi n'chakuti chiwongo ndi dzina la pa chitupa n'zinthu ziwiri. Kaundula wa msonkho, wa sukulu za mishoni ndi wa Wenela ankafunsa dzina lako ndi la bambo ako. Munthu ankapereka dzina lobadwa nalo la bambo ake kapena la agogo ake, ndipo limenelo ndi limene lidauma kukhala la banja. Chiwongo chidatsala cha pamudzi, choitanirana mwaulemu ndi chothokozera. Onani Albert Muwalo yemweyo: dziko lidamudziwa zaka zambiri monga Muwalo, Nqumayo lidadzamveka pambuyo pake. Onaninso mafumu a ku Ntcheu, pa kalata ndi a Gomani, chiwongo ndi Maseko. A M'mbelwa ndi a Mpezeni ndi a Jere. Ndiye alipo a Nqumayo amene pa ziphaso zawo palibe Nqumayo paliponse, ndipo simungawapeze pofufuza mayina.

Ku Ntcheu ndi ku Dedza kuli vuto lina. Angoni a Maseko atakhazikika ku Domwe ndi madera ozungulira adakwatirana kwambiri ndi Achewa ndi Antumba, ndipo m'midzi yambiri chikamwini chidalowa m'malo mwa lobola. Mwana wokulira kwawo kwa mayi ake, bambo atamwalira kapena ukwati utatha, kawirikawiri ankatengera dzina la kuchikazi. Kwa Angoni lamulo linali loti ng'ombe ndi zimene zimakoka ana, popanda lobola ana sali a kuchimuna. Mibadwo iwiri ya chikamwini ndi yokwanira kufafaniza chiwongo cha mwamuna mmodzi wobwera.

Mbewe_LL
Tsono munthu amene akuganiza kuti kwawo ndi a Nqumayo ayambire pati kuti atsimikize? Tipatseni ndondomeko yeniyeni.

Bambo Soko
Ayambe ndi akazi achikulire a kuchimuna, makamaka mlongo wa bambo ake kapena wa agogo ake aamuna. Chifukwa chake n'chakuti mwamuna amaitanidwa ndi dzina la pa ntchito, koma mkazi moyo wake wonse amaitanidwa ndi chiwongo cha bambo ake. Ku Ntcheu ndi ku Dedza ndi Na, monga NaNgozo, NaMaseko, NaNkumayo. Ku Mzimba ndi Nya, monga NyaJere. Kwa Aswazi ndi La. Funso lake lisakhale loti "kodi ndife a Nqumayo?" chifukwa wamkulu wokonda mdzukulu wake angovomera kuti akusangalatse. Funsani kuti "azakhali aja ankawaitana kuti chiyani kumudzi kwa amuna awo?" kapena "agogo akapatsidwa mowa ankawathokoza bwanji?" Dzinalo lituluke lokha. Mufunse anthu osachepera atatu, aliyense payekha, ndipo mujambule mawu pa foni, chifukwa katchulidwe ndi umboni: wamkulu amene akulizabe lilime pa dzinali akusonyeza kuti analimva kwa eni ake.

Kenako lembani mzera wa abambo okhaokha kubwerera m'mbuyo, dzina lililonse ndi mudzi umene munthuyo anaikidwa. Kuchokera 1835 kufika lero papita zaka pafupifupi 190. Mukawerengera zaka 25 mpaka 30 pa mbadwo umodzi, ndiye kuti pakati pa inu ndi wowoloka Zambezi payenera kukhala mayina 6 kapena 7. Mzera wofika kwa Zwide ndi mayina 4 okha uli ndi mabowo, kapena wina walumphira ku dzina lotchuka. Cholakwa chofala ndi kuika mkulu ndi mng'ono wake ngati bambo ndi mwana, ndiponso kusokonezeka ndi dzina laufumu limene limalowedwa, loti anthu atatu osiyana onse ankatchedwa dzina limodzi.

Tembo wa ku Chipata
Pa mudzipo ndiwonjezere. Dzina la mudzi wakale limakuuzani nthambi. Banja likamatchula Ekwendeni, Embangweni, Edingeni, Euthini, ndiye njira yake ndi ya Zwangendaba, kudzera ku Ufipa ku Tanzania kumene iye anafera m'zaka za m'ma 1840, n'kutsikira ku Mzimba. Likamatchula Mtenguleni kapena Luangeni ndi la Mpezeni, ndipo kumbukirani kuti nkhondo ya 1898 ndi Angerezi, imene anaphera Nsingo, inabalalitsa midzi yambiri, ena n'kuthawira ku Mchinji. Likamatchula Domwe, Lizulu kapena Mtakataka ndi la Maseko, amene anawoloka Zambezi paokha chakumunsi, nakafika mpaka ku Songea ku Tanzania pansi pa Mputa asanabwerere. Ku Songea anakhala limodzi ndi anthu a Zulu Gama, amene anapatuka ku gulu la Zwangendaba. Ndiye Nqumayo wa ku Ntcheu afunsitsitse ngati kholo lake linanyamuka ndi a Maseko kuchokera kumwera kapena linawalowa ku Songea. Mayina a midzi ndi a akazi a makolo oyambawo ndi amene angamulozere.

Mayi NaPhiri
Za mapepala: mabuku a ubatizo ndi a maukwati ndi othandiza kuposa a boma, chifukwa ambiri ankalemba mayina a makolo onse awiri ndi mudzi. Kumpoto yambani ndi mipingo ya Livingstonia. Siteshoni ya Njuyu inatsegulidwa mu 1882 ndipo kunali William Koyi, mlaliki wa Chixhosa wochokera ku Lovedale ku South Africa, munthu wodziwa mawu oliza lilime kuyambira ali mwana. Ekwendeni inatsatira mu 1889. Amishoni a kumeneko anaphunzira Chingoni n'kumachilemba ndi c, q ndi hl, n'chifukwa chake ku Mzimba malembedwe onga Nqumayo, Nhlane ndi Nhlema anapulumuka. Chigawo chapakati sukulu zinkaphunzitsa m'Chinyanja, ndiye yembekezerani k m'malo mwa q. Kumeneko funsani ku Mlanda ndi ku Nkhoma kwa a Dutch, ku Gowa, mishoni yoyambitsidwa ndi a Baptist, ku Nzama, Bembeke ndi Mua kwa Akatolika. Ku National Archives ku Zomba kuli mabuku a ma DC a nthawi ya atsamunda amene analemba mbiri za mafumu ndi midzi, koma pitani mutadziwa kale boma, mfumu yaikulu ndi mudzi. Kungofika ndi dzina lokha mutha sabata osapeza kanthu.

Kamwendo
Nanga zoyeza magazi zija za DNA sizingadule nkhani yonseyi?

Malume Gama
Si magazi, amapala m'kati mwa tsaya kapena kutenga malovu. Mwa mayeso onse, wokhudza chiwongo ndi wa Y, umene umayenda kuchokera kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna, ndiye woyezedwa akhale mwamuna wa mzera wa kuchimuna. Mkazi atumize mlongo wake kapena bambo ake aang'ono. Mayeso otchipa aja ongokuuzani kuti ndinu wa kumwera kwa Africa mwa magawo akutiakuti alibe ntchito pano.

Ngakhale wa Y yemweyo payekha sanena kuti "Nxumalo". Amangofananitsa amuna awiri. Pafunika wina wa mzera wodziwika, wa ku Nongoma kapena ku Bushbuckridge, woti muyerekeze naye. Ndipo zotsatira zikasiyana sizitanthauza kuti banja lanama. Mwa mwambo wa Angoni mwana ndi wa mwini ng'ombe: wobadwa kwa mkazi wamasiye amene analowedwa chokolo amawerengedwa wa malemu, ndipo ana ogwidwa pankhondo ena ankakula ndi chiwongo cha nyumba imene inawalera. Onsewo ndi eni chiwongo mwa lamulo la mudzi, kaya Y akuti chiyani. Banja likambirane kaye lisanatumize malovu, chifukwa zotuluka zimatha kuulula za agogo zimene palibe anazifunsa.

NaNgozo
Pa zobwezeretsa dzina pa ziphaso, poti ndi kumene nkhani zotere zimathera. Kukonza chilembo cholakwika, monga Ngumayo kubwerera ku Nqumayo, n'kosiyana ndi kusintha dzina. Koyambako mumapita ku ofesi ya NRB, yopereka ziphaso za unzika, kwa DC ndi umboni wosonyeza kalembedwe koyenera, monga chiphaso cha kholo, kalata ya ubatizo kapena ya mfumu, pamodzi ndi kalata yolumbira. Kuchotsa dzina la agogo n'kuikapo chiwongo ndi kusintha dzina, ndipo kumeneko kuli lamulo lake, pamafunika chilolezo cha boma ndi chidziwitso chofalitsidwa. Musanayambe, ganizirani satifiketi ya MSCE, ya ku koleji, mapepala a malo, a penshoni ndi a ku banki, chifukwa onsewo atsala m'dzina lakale ndipo mudzayenda ndi kalata yolumikiza mayina awiriwo moyo wonse. Njira yopepuka ndi kupereka chiwongo kwa ana obadwa kumene polembetsa kubadwa kwawo. Abale agwirizane kalembedwe kamodzi, asapezeke wina Nqumayo, mng'ono wake Nkumayo, wa ku Joni Nxumalo, chifukwa pa nkhani ya chuma cha masiye kapena ya viza muyamba kulumbira kuti ndinu a mimba imodzi.

Tembo wa ku Chipata
Amene akufuna kumva zithokozo zikulakatulidwa ndi odziwa, ku Nc'wala ku Mtenguleni ndi Loweruka lomaliza la February, Umthetho ndi ku phiri la Hora mu August, ndipo Umhlangano wa a Maseko umachitikira ku Nkolimbo ku Ntcheu. Musakafunse tsiku la mwambo lenilenilo, akuluakulu amakhala otanganidwa ndi alendo ndipo phokoso la ngoma silingakuloleni kujambula mawu. Fikani masiku awiri zisanayambe, magulu a ngoma akusonkhana m'misasa, mupite kudzera kwa nduna ya mudzi, ndipo mutenge kope lolembamo mzera uja wa abambo ndi midzi yake.

Bambo Soko
Ndipo pa mndandanda wa malembedwe wa Mayi NaPhiri onjezanipo Kumayo ndi Mkumayo. N woyambayo akalaliki ena ankamutaya, ena n'kumusandutsa m, monga zimachitikira ndi Nkandawire ndi Mkandawire.